Mphunzitsi ndi nankungwi alankhule chimodzi

Nkhani yophunzitsa ana za kugonana m'sukulu ikangobuka, mkangano umakhala womwewo. Makolo ena, limodzi ndi akuluakulu ena a mipingo ndi mizikiti, amati phunziro la Life Skills likutsegula ana m'maso. Ena amati kubisira mwana n'kumuponya m'dzenje. Ine ndikuona kuti kuno ku Machinga ndi Balaka mkanganowu ukulambalala gwero la vuto.

Kwathu kuno mwana sadikira buku kuti amve za m'nyumba. Sukulu zikatsekera, ng'oma zimalira, anyamata kupita ku jando, atsikana ku nsondo, ena mawere asanamere n'komwe. Kumeneko amalangizidwa za ulemu, ukhondo ndi kulimbika pa ntchito, zinthu zomwe palibe angazinyoze. Koma tonse tikudziwanso kuti m'masimba ena mwana amauzidwa kuti akatuluka akasase fumbi, apo ayi khungu lidzatuwa.

Mwana yemweyo abwerere m'kalasi. Mphunzitsi akafika pamutu wa kutha msinkhu, manyazi amamugwira. Mwina kutsogoloko kwakhala mwana wake womubereka, mwina akuopa kuti makolo amunena kuti akutukwana. Ndiye amangolemba pabolodi, ana n'kukopera kuti adzakhoze mayeso, basi. Pakati pa nankungwi wolankhula mosapsatira ndi mphunzitsi wolankhula chamumtima, mwana amvera ndani?

Zotsatira zake tikuziona kusikelo. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo ku Machinga chiwerengerocho chidali chokwera kuposa pamenepo. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, atsikana zikwizikwi adatenga pathupi. Apatu adali pakhomo, kutali ndi buku lomwe timaliloza chala.

Malamulo tili nawo. La ukwati la 2015 komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidatseka khomo la ukwati kwa aliyense wosakwana zaka 18. Kuyambira 1993, mtsikana wochembeza ali ndi mwayi wobwerera kusukulu. Koma zonsezi zimathandiza madzi atatayika kale.

Pempho langa kwa mafumu athu, kuyambira kwa Gogo Chalo Kawinga mpaka kwa mfumu Kalembo, n'lakuti nyengo ya zinamwali isanafike aziitanitsa anankungwi, angaliba, aphunzitsi, azaumoyo ndi amayi a mother group pabwalo limodzi. Mphunzitsi atsegule buku, makolo aone okha zomwe zilimo, chifukwa ambiri amene amalikana sadalitsegulepo. Nankungwi naye anene zomwe amalangiza. Chimene chikuika mwana pachiswe achichotse, chabwino achisunge.

Nako kusukulu, pamitu yovutayi bwanji osapatula atsikana paokha ndi mayi, anyamata paokha ndi bambo, monga mwambo wathu umachitira? Mtsikana amene sangafunse za msambo pamaso pa anyamata angathe kufunsa ali ndi atsikana anzake.

Kuongola mtengo m'poyamba. Mwana wa Sitandade 7 ku Ntaja kapena ku Ulongwe adzamva ndithu nkhanizi, tifune tisafune. Chomwe chili m'manja mwathu n'kusankha amene amuuze, ndi zimene amuuze.