Ndemanga ya Mkonzi: Dulani layisensi, koma khonsolo nayo ikwaniritse mbali yake

Mwa nkhani zonse zimene mumatilembera pa tsamba lino, awerengi athu, palibe imene imadza ndi mkwiyo ngati ya layisensi ya malonda. Wina adandaula kuti a khonsolo am'tsekera golosale ndi loko wawo pomwe iye amadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku. Wina akuti wayenda maulendo atatu kupita ku boma koma pepala silikutuluka. Winanso afunsa ngati chigayo cha mpingo chiyenera kukhala ndi layisensi popeza phindu lake silipita m'thumba la munthu. M'malo moyankha kalata iliyonse payokha, ndaganiza zoyankha nonse pamodzi, ndipo maganizo anga ndi awa: layisensi ndi pangano la mbali ziwiri. Wamalonda adule, khonsolo nayo ichite ntchito imene yalandirira ndalamazo.

Choyamba tisiyanitse mapepala, pakuti chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Pali satifiketi ya kalembera wa bizinesi, imene imachokera ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi. Imeneyi imatsimikiza kuti dzina la bizinesi yanu lalowa m'kaundula wa boma ndi kuti mwini wake ndinu. Pali nambala ya msonkho yotchedwa TPIN, imene amapereka a bungwe lotolera misonkho la MRA. Tsono pali layisensi ya khonsolo, imene imakulolani kuchita malonda a mtundu wakutiwakuti pa malo akutiakuti, ndipo imadulidwa chaka ndi chaka. Tikiti ya msika ndi chinthu chinanso. Imeneyo ndi malipiro a malo amene mwayalapo katundu wanu tsiku limenelo basi. Mayi amene amagulitsa tomato ndi mpiru mumsika amayendera tikiti, koma amene watsegula golosale, butchala, chigayo, resitihausi kapena chipinda cha tiyi afunika layisensi. Wogulitsa mowa ali ndi layisensi yakeyake pansi pa lamulo la zamowa. Kalata ya a mfumu yotsimikiza kuti malo ndi anu ndi yofunika ndithu, koma siilowa m'malo mwa pepala lililonse mwa amenewa.

Ena amaganiza kuti a khonsolo amangodzuka m'mawa n'kuyamba kulipiritsa anthu mwa kufuna kwawo. Ayi. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu zopeza ndalama zawozawo kudzera m'misonkho ya nyumba ndi malo, matikiti a m'misika ndi malayisensi, komanso mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo. M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsanso lamulo latsopano la malayisensi a bizinesi. Popeza khonsolo iliyonse ili ndi mitengo yake, m'maboma 28 a dziko lino ndi m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, musatenge mtengo umene mwamva kwa mlamu wanu wa ku Ndirande n'kuuyesa kuti ndi womwewo ku Ntchisi kapena ku Nsanje. Pitani mukafunse ku khonsolo yanu. Safunsa adadya phula.

Njira yake si yovuta monga ambiri amaiopera. Pitani nokha ku ofesi ya khonsolo mutanyamula chiphaso chanu cha unzika ndi satifiketi ya bizinesi ngati muli nayo. Mukalemba fomu yofotokoza dzina lanu, mtundu wa malonda ndi pamene pali malowo. Ngati malonda anu ndi a zakudya, a zaumoyo amayenera kudzaona malowo: chimbudzi chilipo kodi, madzi osamba m'manja alipo, zinyalala zimatayidwa kuti, ndipo anthu ophika ndi ogawa chakudya adayezedwa ku chipatala? Ndalama muzipereke kwa wolandira ndalama wa khonsolo kapena ku akaunti ya khonsoloyo ku banki, ndipo musachoke popanda lisiti la nambala ndi chidindo. Layisensi ikatuluka ipachikeni pakhoma poonekera. Chenjerani ndi madobadoba amene amaima panja pa maofesi n'kumati akuthandizani kufulumiza. Ambiri mwa iwo amadya ndalama ya munthu, ena amam'patsa pepala lachinyengo limene limadzam'gwetsera m'mavuto aakulu kuposa oyamba aja.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti dulani? Chifukwa layisensi imateteza wogula amene sangathe kulowa kukhitchini kwanu kukaona mmene mumatsukira mbale. Tisaiwale msanga mliri wa kolera umene udabuka m'mwezi wa March 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira, mliri woopsa kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Kolera imayenda ndi madzi oipa ndi chakudya chosasamalidwa bwino. Malo odyera amene khonsolo sikuwadziwa, a zaumoyo sawayendera, ndipo amene amadya pamenepo ndi ana athu omwe popita ku sukulu. Layisensi imatetezanso mwini malonda. Munthu amene ali nayo amagona tulo, sathawira kuseri kwa sitolo akaona galimoto ya khonsolo, ndipo akafuna kugulitsa chimanga kapena nyemba ku sukulu yogonera konko kapena ku chipatala, mapepala ake amam'lankhulira.

Komabe sindingakhale wachilungamo ngati nditaloza chala amalonda okha. Mpamba wa anthu wafooka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo wagolosale amene ankaoda makatoni a sopo atatu adayamba kuoda imodzi. Munthu wotere ukamuuza kuti akwere basi ulendo wa makilomita 60 kupita ku boma, akapeze bwana wosayina watuluka, abwerenso mawa, ndalama ya ulendo yokha imaposa ya layisensiyo. Ofufuza a World Bank adayesa nkhani yofanana ndi imeneyi kuyambira 2012 pa mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Atawachotsera eni mabizinesi mtengo ndi mavuto a ulendo polembetsa bizinesi, pafupifupi 75 mwa 100 alionse adalembetsa. Adapezanso kuti satifiketi payokha sidaonjezere phindu, koma amene adathandizidwanso kudziwa za banki ndi kutsegula akaunti ya bizinesi phindu lawo lidakwera ndi 15 peresenti. Ngakhale kafukufukuyu adali wa kalembera, phunziro lake likukhudza layisensi ya khonsolo: Amalawi sadana ndi lamulo. Amadana ndi kuyendetsedwa pachabe, ndiponso amafuna kuona kuti pepala limene alipira lawabweretsera kanthu.

Apa ndiye pali ngongole ya makhonsolo. Pitani pa misika yambiri ya m'matauni ang'onoang'ono tsiku la msika. Otolera ndalama amafika m'mamawa osaphonya, koma chimbudzi chidadzaza kalekale, mpopi udauma, mulu wa zinyalala wafika m'chiuno pafupi ndi ogulitsa nyama, ndipo mvula ikagwa amayi amayala usipa m'matope. Wamalonda akafunsa kumene ndalama yake idapita, amauzidwa kuti funso limenelo si lake. Ine ndikuti ndi lake kwambiri. Kale tinkati palibe wom'funsa, pakuti makhansala amene adasankhidwa m'chaka cha 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko lino lidakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha May 2014. Lero chifukwa chimenecho kulibe. Pa 16 September 2025 tidasankha makhansala pamodzi ndi aphungu ndi mtsogoleri wa dziko. Khansala wanu ndi amene amakhala nawo pa msonkhano wovomereza mitengo ya malayisensi ndi ndondomeko ya chuma cha khonsolo. Mufunseni.

Tidaonanso mu 2006, pa ntchito imene inkatchedwa Operation Dongosolo, boma la malemu Bingu wa Mutharika likuchotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda. Misewu idayera kwa kanthawi, koma patapita zaka mavenda adabwerera, chifukwa chachikulu n'chakuti malo a m'misika adali ochepa ndipo ogula adatsalira kumsewu. Chikwapu pachokha sichikhazikitsa dongosolo ngati munthu sunamukonzere poti akhale.

Kotero ndikupempha akuluakulu a makhonsolo zinthu zisanu zimene sizifuna thandizo la maiko akunja. Choyamba, mitengo yonse ya malayisensi ilembedwe m'chinenero cha anthu a m'deralo ndi kumatidwa pa ofesi, pa msika ndi ku bwalo la mfumu yaikulu, kuti pasakhale mtengo wa munthu wovala tayi ndi mtengo wa munthu wovala chitenje. Chachiwiri, ofesi ibwere kwa anthu. Kalaliki mmodzi, wa zaumoyo mmodzi ndi buku la malisiti akhoza kukhala pa msika uliwonse waukulu masiku awiri pachaka n'kumaliza zonse pompo. Chachitatu, amalonda ang'onoang'ono aloledwe kulipira m'zigawo, makamaka nyengo yokolola pamene ndalama zimayenda kumudzi, m'malo mowapanikiza mu January ndi February pamene m'nkhokwe mulibe kanthu. Chachinayi, munthu asatsekeredwe sitolo asanalandire kalata ya chenjezo yonena masiku amene wapatsidwa. Chachisanu, miyezi itatu iliyonse khonsolo imate pa msika chikalata chonena ndalama zimene yatolera pamenepo ndi zimene yagwiritsa ntchito pamenepo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, choncho amene afunsa zimenezi sakupempha chifundo.

Inunso abale anga amalonda, lekani khalidwe lopereka ya fanta kwa wotolera ndalama kuti atseke maso. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, limene lidakhazikitsa bungwe la ACB, limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Ndiponso ndalama imene mwaika m'thumba la munthu siilembedwa paliponse. Mwezi wamawa kukabwera wotolera wina mudzayambiranso, ndipo pakutha pa chaka mudzapeza kuti mwalipira layisensi kawiri koma mulibe. Choipitsitsa n'chakuti mumataya pakamwa. Wopanda lisiti sangaime pa msonkhano n'kufunsa za chimbudzi cha pamsika, pakuti adzam'funsa kuti iye adaperekapo chiyani. Mukagwirizana m'komiti ya msika, aliyense lisiti lake m'manja, bwanamkubwa adzakumverani. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe amene mumawerenga tsamba lino, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi yankho la funso la chigayo lija. Chigayo, sitolo ya mabuku kapena nyumba ya alendo imene ikulandira ndalama kwa anthu ndi malonda, ngakhale mwini wake ndi mpingo. Ngati mukuganiza kuti khonsolo yanu ikhoza kukuchotserani malipiro, kapempheni ndipo yankho libwere m'kalata. Osadalira mawu apakamwa a kalaliki amene ndi mkhristu wanu, pakuti mawa akasamutsidwa mudzachita manyazi pamaso pa anthu amene mumawalangiza za chilungamo. Achiwiri ndi pempho. Inu muli ndi anthu sabata iliyonse, ndipo ambiri mwa amayi a m'magulu a banki m'khonde amene akufuna kutsegula kagolosale sadziwa kusiyana kwa mapepala amene ndafotokozawa. Mphindi zisanu za zolengeza zikhoza kupulumutsa mpamba wa mayi wamasiye. Mukhozanso kuitana khansala kuti adzafotokozere anthu mitengo ndi kuyankha mafunso awo pabwalo, inu muli mboni.

Pitirizani kutilembera. Mukalemba za layisensi, tiuzeni boma lanu, mtundu wa malonda anu, ndalama zimene mudalipira, ngati mudalandira lisiti, ndi masiku amene mudadikira. Khonsolo imene ikuchita bwino tidzaiyamikira pa tsamba lomwe lino kuti ena aphunzireko, ndipo imene ili ndi mbali yake yoti ifotokoze, mpata ulipo.

Mkonzi