Sefa ya Utsi Iyenera Kukonzedwa, Osati Kugumulidwa

Nyengo ya malonda ikafika, mseu waukulu wa Great East umadzaza ndi malole ang'ono onyamula cimanga, nshawa, soya ndi thonje kucokera m'midzi ya Petauke ndi Nyimba. Ambiri a malole amenewa, monga Canter, Dyna ndi Elf, anagwirapo kale nchito ku Japan asanafike m'Zambia muno. Atsopanoko ali ndi cipangizo cimene malole akale analibe, ndico sefa ya utsi wa dizilo imene amakanika amaicha DPF. Sefa imeneyi yasanduka mutu wa madandaulo pakati pa eni magalimoto, ndipo ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndiwo kuigumula. Maganizo otere ngolakwika.

Sefayi imakhala m'paipi ya utsi. Mkati mwake muli dongo loocha la timabowo tambirimbiri ngati cisa ca njuci, ndipo nchito yake ndiyo kugwira mwaye usanatulukire kunja. Mwaye ukaculuka, injini imatenthetsa sefayo mpaka pafupifupi madigiri 600, ndipo mwayewo umapsa. Izi zimatheka bwino pa ulendo wautali wa liwiro losasinthasintha, monga wocokera ku Petauke kupita ku Nyimba. Koma lole yomangozungulira pa boma, kapena yokhalira kulira pamalo amodzi poyembekeza matumba, siitentha mokwanira. Sefa imatseka, nyale imayaka patsogolo pa woyendetsa, mphamvu nkucepa, ndipo zitunda za ku Kacholola zimasanduka mapiri osakwereka.

Kale eni magalimoto anali ndi cowiringula comveka. Dizilo woyengedwa ku Indeni, m'Ndola, anali ndi sulufule wambiri, amene amaononga masefa otere msanga. Koma Indeni inaleka kuyenga mafuta m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2023 paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam inayamba kubweretsa dizilo wa sulufule wocepa. Cotero cowiringula cija cinatha mphamvu. Mdani wotsala ndiye dizilo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa mseu, amene mwini galimoto sadziwa kumene wacokera ngakhale zimene zasakanizidwamo.

Nanga kugumula sefa kuli ndi coipa canji? Coyamba ndi umoyo wa anthu. M'caka ca 2012 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, kupyolera m'nthambi yake yofufuza za khansa, linalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Wopuma utsiwo si mwini lole yekha ai. Ndi amai ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu pa Nyimba, ndi makanda amene awabereka kumsana, ndi anyamata okweza matumba kumbuyo kwa lole injini ili kulira. Munthu wocotsa sefa amapulumutsa ndalama zake, koma ngongole amaisiyira zifuwa za anzake.

Caciwiri, sefa yotseka kawirikawiri imangoulula matenda ena. Mwina majekisoni a dizilo atha, mwina injini ili kudya oilo, mwinanso oilo wothiridwamo si woyenera. Malole a ku Japan okhala ndi sefayi amafuna oilo wa phulusa locepa: wolembedwa DH-2 pa malole, ndi DL-1 pa magalimoto ang'ono. Oilo wamba amasiya phulusa limene silipsa ngakhale sefa itenthe motani. Wogumula sefa amangotseka pakamwa pa mboni, matendawo nkumapitirira kudya injini.

Nzoona kuti sefa yatsopano njokwera mtengo, ndipo mlimi amene wayembekeza ndalama za mbeu zake miyezi ingapo sangaione mopepuka. Komatu akulu anati walira mvula walira matope. Ndiponso si sefa iliyonse yofunika kusintha. Nyale ikayamba kuthwanima, woyendetsa aimike lole pamalo oyera, kutali ndi udzu wouma ndi mapesi pakuti paipi imatentha koopsa, nasindikize batani loochera mwaye, nkudikira mpaka nyaleyo itazima. Zikakanika, makanika wokhala ndi makina oyesera aone cimene cayambitsa bvutolo. Sefa yodzaza phulusa itha kumasulidwa ndi kutsukidwa ndi odziwa nchitoyo. Yofunika kusintha ndi yokhayo imene yang'aluka kapena kusungunuka mkati, ndipo yatsopano isamangidwe matenda a injini asanacizidwe, cifukwa nayonso idzatseka m'miyezi yowerengeka.

Pali udindo wa enanso. Ogulitsa magalimoto auze wogula poyera kuti lole ili ndi sefa ndi kuti imafuna oilo wotani. Eni masitolo a zipangizo m'maboma awiriwa asunge oilo woyenera. Amakanika acinyamata aphunzire kuyesa ndi kutsuka masefa, pakuti malole otere adzanka naculukirabe, ndipo nchito ya nyundo yokha siidzawadyetsa nthawi yaitali.

Lole ndi cuma ca banja lonse, ndipo nthawi zambiri inagulidwa ndi thukuta la zaka zingapo m'munda. Mwini wake wanzeru amathira dizilo pa malo obvomerezeka, amagula oilo woyenera, ndipo nyale ikayaka samaiphimba ndi kapepala.