Womanga chingwe ndi wina, mwini wake ndi wina

Zithunzi za makina amphepo a pakati pa nyanja ya ku Britain zimationetsa mapiko okha. Chimene sitichiona ndi chingwe chokhuthala chokwiriridwa pansi pa nyanja, siteshoni yoima pamwamba pa madzi ndi inzake ya kumtunda. Popanda zimenezi, mapikowo atha kuzungulira usana ndi usiku koma m'nyumba ya munthu simungayake ngakhale babu limodzi. Mtengo wake ndi woopsa. Zingwe ndi masiteshoni a Hornsea One, malo a makina amphepo omwe ali makilomita pafupifupi 120 kuchokera kugombe la Yorkshire, zidagulitsidwa mu 2021 pamtengo woposa mapaundi 1.1 biliyoni. Ogulitsa anali kampani ya Ørsted ndi anzake, ogula anali Diamond Transmission Partners.

Sadagulitse chifukwa chosowa ndalama. Lamulo lakumeneko sililola kuti wopanga magetsi akhalenso mwini wa njira yomwe magetsiwo amadutsamo. Kuyambira 2009 bungwe la Ofgem, lomwe limayang'anira za magetsi ndi gasi, limachititsa mpikisano wopezera chingwe chilichonse mwini watsopano, yemwe amatchedwa OFTO. Kampani yopanga magetsi ikamaliza kumanga chingwe, a Ofgem amafufuza ndalama zonse zomwe zidalowa, nachotsapo zomwe akuona kuti zidamwazidwa, kenaka amaika mtengo. Ofuna kugula sapikisana pokweza mtengowo ayi. Amapikisana pa malipiro a pachaka omwe angavomere kulandira, ndipo wopempha zochepa ndiye amakhala patsogolo. Wopambana amalandira malipirowo zaka 20, pa mapangano atsopano zaka 25. Chingwe chikamagwira ntchito nthawi yochepera 98 peresenti amamudula ndalama, chikaposa apo amamuwonjezera. Chiphaso choyamba chidaperekedwa mu 2011 pa zingwe za Robin Rigg, ku Solway Firth.

Ine ndimaona nzeru m'dongosololi. Amene akumanga chingwe ndi yemweyo angaluze kwambiri chikachedwa, choncho sagona tulo mpaka ntchito itatha. Ku Germany adasankha njira ina: kampani yoyendetsa mawaya akuluakulu ndiyo imakokera chingwe kunyanja. Mu 2013 makina 30 a Riffgat, pafupi ndi chilumba cha Borkum, adatha kumangidwa chingwe chisadafike, chifukwa m'njira yake mudapezeka zipolopolo ndi mabomba otsala pa nkhondo yapadziko lonse. Eni ake ankawotcha dizilo kuti makinawo asawonongeke, mpaka adalumikizidwa mu February 2014. Malo omangidwira kupanga magetsi adakhala miyezi yonseyo akudya mafuta.

Komabe njira ya ku Britain ili ndi zilonda zake, ndipo sindikufuna kuzibisa. Wogula amalandira chingwe chomwe sadachione chikuyalidwa. Zili ngati kugula nyumba yopaka kale penti: khoma uliona, koma simenti yomwe idalowa m'maziko sungaiyeze. Zingwe za Gwynt y Môr, kumpoto kwa Wales, zidasintha manja mu 2015, ndipo chaka chomwecho zidawonongeka kawiri. Kukonza chingwe cha pansi pa nyanja kumafuna sitima yapadera, akatswiri ndi nyengo yabata, ndipo masiku onse odikirawo magetsi amatsika. Pamenepo funso limakhala lakuti alipire ndani: womanga, wopanga chingwe, wa inshuwalansi, mwini watsopano, kapena mayi yemwe amalipira bilu kumapeto kwa mwezi? Lamulo la 2013 lidapatsanso womanga miyezi 18 yokha kuti akhale atapereka katunduyo. Wogula akadziwa kuti mnzake nthawi ikumuthera, kukambirana sikuyendanso mofanana.

Chilonda chachikulu nchakuti aliyense amaganizira chingwe chake chokha. Kampani iliyonse imakoka chake kuchokera kunyanja mpaka kumtunda, kukumba ngalande yake m'minda ya anthu ndi kumanga siteshoni yake. Anthu a m'midzi ngati Friston ku Suffolk ndi Necton ku Norfolk akhala akudandaula zaka zambiri, ndipo ambiri mwa iwo sakana magetsi amphepo. Akufunsa chifukwa chomwe makampani oyandikana panyanja sangagwiritsire ntchito njira imodzi. Yankho lake ndi losavuta: palibe kampani yomwe ingamange chingwe chachikulu kuposa chomwe ikufuna, kuti chidzathandize wopikisana naye, pomwe sikudziwa ngati a Ofgem adzavomereza ndalama zowonjezerazo. Dziko la Netherlands lidapereka ntchito yonse ya zingwe za panyanja kwa kampani ya TenneT, yomwe idayamba ndi masiteshoni ofanana a mamegawati 700 ku Borssele. Ku Britain mapulani olumikiza zingwezi pamodzi adatuluka mu 2022, malo ambiri atamangidwa kale.

Ife ku Malawi nyanja yamchere tilibe, koma funsoli lidatifika. Mu 2017 ntchito yopanga magetsi idachoka ku ESCOM kupita ku EGENCO, ndipo makampani odziimira paokha akupanga magetsi adzuwa ku Salima ndi ku Golomoti. Aliyense wobwera pambuyo pawo adzafuna waya womulumikiza ku mawaya a dziko. Wayawo adzaumanga ndani, udzakhala wa yani, ndipo ukaduka kapena ukachedwa adzasenza mtolo ndani?

Phunziro lomwe ndikutolapo ndi lakuti mafunso amenewa ayankhidwe khasu lisadagwe pansi. Mwini wa mawa adziwike msanga, aloledwe kuona ntchito ikuchitika, ndipo pangano linene poyera za wolipira pa vuto lobisika. Boma ndi bungwe loyang'anira, kwathu kuno MERA, ajambule njira zazikulu poyamba, makampani apikisane pomanga ndi kusamalira zomwe zajambulidwazo. Mpikisano umatsitsa mtengo wa chinthu, koma sungasankhire dziko komwe mawaya ake adutse. Imeneyo ndi ntchito ya amene tidawapatsa udindo, ndipo akaizengereza, bilu yake imapita kwa ogula magetsi kwa zaka 25.