Pa Garaja: Osathamangira kudula thirakitala pakati

Amalume anga ali ndi Massey Ferguson 35 ya injini ya Perkins ya masilinda atatu, mtundu umene unayamba kutuluka ku Coventry mu 1959. Ndiyo imakoka ngolo ya tomato wanuyu kukafika kumsewu. Tsiku lina inayamba kudontha oyilo pansi pa kilatchi. Makaniko wina, asanawerame n'komwe, amvekere: "Siilo yakumbuyo yatha, tiidule pakati." Ndalama anatchulazo, abale, mpamba wonse wa tomato!

Ndinati dikirani kaye, amalume. Oyilo amatsetsereka, pamene akudonthera si pamene watulukira. Tinatsuka injini ndi palafini, itauma tinailiza mphindi 10, n'kuyamba kufufuza kuchokera pamwamba. Wakuba tinam'gwira: gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu, youma gwa! Kapaipi kopumira injini nakonso kanali katatsekeka ndi matope, ndipo mpweya ukasowa potulukira umakankha oyilo paliponse.

Pamwamba pakanakhala pouma, tikanaona zotuluka pa kabowo kapansi pa kilatchi: oyilo wakuda ngwa injini, woyererako ngwa giyabokosi. Apo ndiye kudulako sitikanachitira mwina.

Tinasintha gasiketi, kutokosa kapaipi, mabawuti osamanga mopyoza. Pansi pauma. Makaniko uja anasiya kutipatsa moni.