Ndani alankhulire zipatala zazing'ono ku England?

Kuyambira pamene bungwe la zaumoyo la NHS linakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, madokotala amene odwala amayamba kuonana nawo ku England salembedwa ntchito ndi boma. Ambiri ali ndi zipatala zawozawo, ndipo boma limawalipira potsata mgwirizano umene umawunikidwa chaka ndi chaka. Malipiro a anamwino, lendi ndi magetsi zimachokera m'thumba lomwelo. Tsono funso lakuti ndani akhale pansi ndi boma m'malo mwa zipatalazi si laling'ono ayi.

Kwa zaka zambiri udindowu unali m'manja mwa komiti ya bungwe la madokotala la British Medical Association (BMA). Koma m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 boma linangolamula mgwirizano komitiyo isanavomereze. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndalama zitakwezedwa ndi 1.9 peresenti yokha mu 2024, madokotala oposa 99 mwa 100 alionse amene anavota anaukana mgwirizanowo, ndipo kuyambira pa 1 Ogasiti anayamba kuchepetsa ntchito, ena n'kumaona odwala osapitirira 25 pa tsiku. Mtendere unabwera mu Febuluwale 2025, boma litawonjezera mapaundi 889 miliyoni.

Mtenderewo sunakhalitse. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, atasemphana pa nkhani yolola odwala kupempha thandizo pa intaneti tsiku lonse la ntchito, Wes Streeting, nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, analengeza kuti boma lidzafunsanso maganizo a mabungwe ena, kuphatikizapo oimira odwala, osati BMA yokha.

Apa, owerenga okondedwa, tiyenera kulingalira mofatsa. Kuti wodwala amveke n'koyenera ndithu, pakuti ndiye amene amadikira pa foni m'mawa kufuna dokotala. Tikuvomerezanso kuti komiti imodzi singadziwe bwino mavuto a zipatala zoposa 6,000, za m'tauni ndi za kumidzi. Komabe ife tonse timadziwa kuti pokamba za ukwati, mnansi wofunsidwa maganizo sali chimodzimodzi ndi nkhoswe. Mnansi amalankhula n'kubwerera kwake. Nkhoswe ikakana, nkhani imaima. Boma likamvetsera anthu ambiri koma popanda ndi mmodzi yemwe wokhala ndi mphamvu yokana, ndiye kuti likugamula lokha. Ndipo ndalama zikaperewera, oimira odwala aja sadzalipira ngongole ya chipatala. Adzalipira ndi eni ake, amene anasayina mgwirizanowo ndi dzanja lawo.