Mpumulo Suikidwa M'nkhokwe



Chaka chikamapita kumapeto, ambiri amene ali pa ntchito amayamba kuwerenga masiku a tchuthi. Popeza ndalama zopitira kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi n'zosowa, amadzitonthoza kuti adzapumira pakhomo: adzagona mokwanira, adzacheza ndi abale, adzawerenga Baibulo, ndipo adzayamba kupita ku Misa ya m'mawa. Maganizo amenewa si oipa ayi. Koma munthu amene akuunjika mpumulo wake wonse kuti adzaudye pa tchuthi akudzinamiza, pakuti mpumulo si chimanga choti n'kuika m'nkhokwe.

Tchuthi cha pakhomo chili ndi eni ake. Abale akangomva kuti uli pa tchuthi, zonse zimene zinkadikira zimadzuka. Mu Disembala munda ukufuna kupalira ndi kuthira feteleza, denga likudontha, kumudzi kuli chinkhoswe, uku maliro agwa. Zonsezi n'zofunika, ndipo Mkhristu sangazithawe. Komabe tisazitche mpumulo. Munthu amabwerera ku ntchito mu Januwale ali wolefuka kuposa mmene adachokera, m'thumba muli mbee.

Tiwerengenso masiku ake. Lamulo la za ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limapatsa wogwira ntchito masiku 6 pa sabata tchuthi cha masiku 18 pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 amalandira masiku 15. Kuwerengera konseku kukungokwana masabata atatu mwa masabata 52. Nanga masabata 49 otsalawo thupi ndi mzimu zizikhala bwanji? Tikumbukirenso kuti wa kabaza, wogulitsa mandasi ndi wa ganyu alibe bwana woti n'kuwasainira tchuthi. Ngati mpumulo uli wa pa tchuthi pokha, ndiye kuti iwowa sadzaulawa mpaka kumanda.

Malembo Oyera amatiphunzitsa zina. Pa Eksodo 16 Mulungu adapatsa Aisraele mana m'chipululu, nalamula kuti aliyense azitola zokwanira tsiku limenelo. Amene adasungako mpaka m'mawa adapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola za masiku awiri, kuti lachisanu ndi chiwiri apume. Mpumulo uli ngati mana amenewa: umafunika kuulandira pa nthawi yake. Tulo ta mu Malichi sungatigone mu Disembala. Mwana amene adafuna kucheza ndi bambo ake chaka chino, chaka chamawa adzakhala atapeza ena omumvera.

Ambuye Yesu nawonso sadadikire kuti ntchito ithe. Pa Marko 6 timamva kuti atumwi atabwerako kumene adatumidwa, anthu ankangobwera ndi kupita kotero kuti analibe ndi mpata wodyera womwe. Odwala adakalipo, ofuna kuphunzitsidwa adakalipo, Yesu adawaitanira ku malo a okha kuti akapume pang'ono. Ngati ntchito yolalika Ufumu wa Mulungu idalola kupuma, ntchito yathu ndi yotani kuti ikane?

Mpingo wakhala ukunena zimenezi kuyambira kale. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti wantchito ayenera kupatsidwa mpumulo wolingana ndi mphamvu zimene wataya. Mu 1981 Papa John Paul II, mu Laborem Exercens, adatchula ufulu wopuma sabata ndi sabata, makamaka Lamulungu, natchulanso tchuthi chotalikirapo cha pa chaka. Zonse ziwiri ndi ufulu, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Benedict Woyera, polemba malamulo a amonke zaka za m'ma 500, adagawa tsiku lililonse kuti likhale ndi nthawi ya pemphero, ya kuwerenga ndi ya ntchito ya manja. Ngakhale belu la Angelusi, lolira 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo, limatiuza kuti titule khasu kamphindi ndi kukumbukira Mwini ntchito.

Wina anena kuti: "Zimenezo n'za olemera. Ine ndikapanda kupalasa njinga lero, ana agona ndi njala." Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sitingawayankhe mwachibwana. Koma wa kabaza yemweyo sadikira Disembala kuti athire mafuta ku tcheni cha njinga yake, chifukwa amadziwa kuti chikaduka, atayanso masiku ambiri. Thupi lake ndi lamtengo wapatali kuposa njingayo. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Ola limodzi lopuma madzulo silithetsa umphawi, koma limasunga munthu amene akulimbana ndi umphawiwo.

Apa pali mlandu umene ukutikhudza ifenso. Pa Deuteronomo 5 lamulo la Sabata likuphatikiza wantchito, mlendo, ng'ombe ndi bulu, ndipo chifukwa chake n'chakuti Aisraele nawonso adali akapolo ku Ejipito. Tsono ngati ife tikupita ku Misa titatchena, mtsikana wantchito tamusiya akuchapa kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, mpumulo wathu tauba kwa iye. Atsogoleri a magulu pa parishi tidzifunsenso: si bwino kuti wa kwaya kapena wotumikira pa guwa afike m'mamawa ndi kuchoka dzuwa litapendeka, ali ndi njala, chifukwa cha misonkhano yosatha. Tsiku la Ambuye lisasanduke tsiku la ntchito yachiwiri.

Tisamalenso ndi zinthu zimene zimavala nkhope ya mpumulo. Kukhala pa WhatsApp ndi Facebook mpaka pakati pa usiku, kubetcha mpira, kapena kuswera ku mowa, zimadya nthawi ndi ndalama koma sizibweza mphamvu. Muyeso wake ndi wapafupi: ukatha kuchita chinthucho, kodi ukutha kumvetsera mnzako modekha ndi kupemphera osasinza?

Choncho sabata ino sankhani madzulo amodzi pakati pa Lolemba ndi Lachisanu, ndipo muwateteze monga mmene mumatetezera tsiku la malipiro. Mukasewere mpira kapena bawo, mukaone agogo, mukakhale nawo pa mphakati, mupemphere Kolona pamodzi ndi a m'banja mwanu foni ili patali. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tchuthi chikadzafika, mudzachilandire mokondwa, pakhomo pomwepo ngati ndi pamene mungathe, ndipo chidzakupezani muli ndi mphamvu zothandizira abale popanda kung'ung'udza.

Ambuye amene adapuma pa tsiku lachisanu ndi chiwiri adalitse ntchito zathu ndi mpumulo wathu. Amen.