ULENJE WA PA FONI: TIKANA NJILA ZACIDULE

Makolo ena m'matauni athu anaonapo mwana wa sukulu akuyenda pamseu maso ali pa foni, kenaka n'kuima mwadzidzidzi pa cipata ca chalichi kapena pafupi ndi msika, n'kuyamba kukwekwesa cala pa galasi. Mukamufunsa akuuzani kuti ali kusaka nyama. Mwanayo sanama ai. Ali pa masewela ochedwa Pokémon Go, amene kampani ya ku America ya Niantic inatulutsa mu July 2016 mogwilizana ndi eni ake a Pokémon a ku Japan. Kuno ku Africa masewelawa anafika mu October caka comweco, ndipo Zambia inali pakati pa maiko amene anawalandila. Pofika 2019 anthu anali atawaika pa mafoni nthawi zoposa 1 biliyoni.

Kwa amene sanawaonepo, masewelawa ayenda motele. Foni imadziwa pamene munthu waima kupyolela mu GPS, ndipo imaonetsa mapu a malo enieni, miseu yake ndi mitsinje yake. Pa mapupo pamatulukila tunyama topeka, tumene tumakhala mphindi zowelengeka cabe n'kuzimilila. Kuti munthu atugwile ayenela kupita yekha ndi miyendo yake pamalopo. Palinso mazila amene saswa kufikila wosewela atayenda makilomita 2, 5, 7, 10 kapena 12. Tunyama twina tuli mbwee ngati mpheta. Twina n'tosowa kwambili. Pali twina ta mtundu wonyezimila tumene osewela amene akhala akuwelenga akuti tuoneka pafupi-fupi kamodzi pa maulendo 500, ndipo twina tupezeka ku mbali imodzi yokha ya dziko lapansi: Kangaskhan ku Australia, Mr. Mime ku Ulaya, Tauros ku North America.

Pamene pali cinthu cosowa, ocenjela sacedwa kufika. Masabata oyamba omwe a masewelawa panatuluka mapulogalamu othandiza munthu kupeza tunyama tosowa popanda kuvutika. Ochuka kwambili anali Pokévision, amene anali kuonetsa pa mapu pamene kanyama kalikonse kali ndi mphindi zimene kadzakhalapo. Mapu otele anali kugwila nchito potumiza osewela abodza, amene si anthu koma makina, kuti azifunsa makompyuta a kampani usana ndi usiku za zimene zili pamalo alionse. Mmodzi wa amene anapanga Pokévision, Yang Liu, anati anthu pafupi-fupi 50 miliyoni anaigwilitsilako nchito isanatsekedwe kumapeto kwa July 2016. Mtundu waciwili ndi wa mapulogalamu onamiza foni za kumene ili. Munthu ali gone pa mphasa, koma masewela aona ngati ali ku New York kapena ku Sydney, ndipo ayendetsa cithunzi cake m'miseu ya kumeneko ndi cala cimodzi.

Ife a nyuzipepala ino tikana njila zimenezi, ndipo tipempha makolo kuti azikane pa mafoni a m'nyumba zao.

Tidziwa cimene acinyamata adzayankha. Adzati: kodi taba ciani? Kanyamako si ka nyama ndi mafupa, ndipo ine ndikakagwila mnzanga angathe kukagwilanso pamalo omwewo. Pamenepa anena zoona. Ulenje uwu sutha nyama monga mmene opha njovu mopanda cilolezo anathela nyama m'cigwa ca Luangwa zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Koma kunena kuti palibe wotaya kanthu ndi bodza. Alimi adziwa kusiyana kwa mnyamata wokumba mbewa ndi khasu, amene aphunzila kuzindikila una wamoyo ndi kulondola mapazi, ndi mnzake amene angoyatsa thengo. Woyatsa apeza ndiwo msanga, koma moto wake upseleza udzu wofolelela nyumba ndi msipu wa ng'ombe za mudzi wonse. Mu August 2016 Niantic inafotokoza kuti makina ofunsa aja anali kulemetsa makompyuta ake kwambili kotelo kuti inacedwa kutsegulila masewelawa anthu a ku Latin America, kuphatikizapo Brazil, ndipo inaonetsa mmene katunduyo anatsikila itangowatsekela. Anthu a maiko athunthu anali kudikila cifukwa ca ena amene sanafune kuyenda.

Pali citsanzo cina cimene cikhudza ana athu mwacindunji. Pakati pa tunyama ta cigawo cimodzi pali kena kochedwa Tropius, ka khosi lalitali, mapiko onga masamba a nthoci, ndi zipatso zolendewela pansi pa cibwano. Kwao kwa kanyama aka ndi kuno ku Africa ndi maiko ozungulila nyanja ya Mediterranean. Mwana wa ku Chipata kapena ku Kabwe angakagwile pobwela ku sukulu, pamene wosewela wa ku Canada, kupatula pa masiku apadela amene kampani ikonza, afunika kukwela ndeke. Mu 2018 masewelawa anayamba kulola osewela kusinthana tunyama, malinga ngati awiliwo ali pafupi mamita osapitilila 100. Apa ndiye kuti mwana wa kuno anali ndi cinthu cimene mlendo wobwela kudzaona Mosi-oa-Tunya akanacifuna. Koma munthu wonamiza GPS afika m'miseu ya Lusaka ali m'nyumba mwake kutsidya kwa nyanja, agwila Tropius makumi-makumi, n'kukagawila anzake. Kamwai kocepa kamene mwana wa ku Africa anali nako m'masewelawa kathela pomwepo. Ngati sitikondwa pamene ena acita zimenezi kwa ife, sitingauze ana athu kuti nawonso acite cimodzi-modzi ku Australia.

Komabe cimene citidetsa nkhawa koposa si tunyama ai. Ndi foni. M'mabanja ambili a alimi foni ya intaneti ndi imodzi. Ndiyo ilandila ndalama za cimanga ndi nshawa, ndiyo ili ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, ndiyo ilandila mauthenga a gulu la alimi ndi a mphakati, ndipo madzulo ndiyo mwana abweleka kuti aseweleko. Mapulogalamu onamiza masewela kawili-kawili sapezeka m'sitolo yovomelezeka ya mafoni. Munthu awatenga kwa anthu osadziwika, ndipo ena afuna kuti ayambe wacotsa maloko amene opanga foni anaikamo kuti aiteteze. Ena afuna dzina ndi mau acinsinsi a akaunti ya Google, yomwe ili ndi makalata ndi zithunzi za banja lonse. Izi si zongoopseza. Mu July 2016 akatswili a kampani ya Proofpoint anapeza Pokémon Go yabodza ya mafoni a Android imene inali ndi pulogalamu yobisika yochedwa DroidJack, yopatsa mbala mphamvu zolamulila foni yonse ili kutali. Mu September caka comweco a Kaspersky anapeza pulogalamu ina yodzicha kuti ndi mlangizi wa masewelawa, imene anthu oposa 500,000 anali ataitenga, ndipo iyi inali m'sitolo ya Google Play mwenimwenimo. Ngati zinatheka m'sitolo ya alonda, nanga kuli bwanji ndi zimene mwana atumizilidwa pa WhatsApp ndi mnzake wa m'kalasi? Foni imene maloko ake acotsedwa ili ngati nkhokwe yopanda citseko m'mbali mwa njila.

Ndipo mapeto ake wonamiza uja ataya ngakhale cimene anali kufuna. Mu 2017 kampani inayamba kulemba mzele pa tunyama togwidwa mwacinyengo kuti aliyense aone. Mu 2018 inalengeza zilango zitatu. Kugwidwa koyamba, munthu acenjezedwa ndipo kwa masiku 7 tunyama tosowa tubisika kwa iye, cilango cimene tiona kuti cinaganizilidwa bwino. Kaciwili, aimitsidwa masiku 30. Kacitatu, akaunti yake itsekedwa kothelatu, pamodzi ndi zonse anasonkhanitsa ndi ndalama zimene anagulila zinthu m'masewelamo. Kuciyambi kwa 2021 Niantic inati kuyambila mu 2020 inali italanga maakaunti oposa 5 miliyoni m'masewela ake atatu, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo asanu anatsekedwa kothelatu. Opanga mapulogalamuwo nawonso sanapulumuke. Gulu lochedwa Global++ linatengeledwa ku khoti ku California mu 2019, ndipo mu January 2021 linavomela kulipila madola 5 miliyoni. Dziwani kuti gulu limeneli linali kulipilitsa anthu amene anali kugwilitsila nchito mapulogalamu ake. Cinyengoci cinali malonda, osati cifundo kwa osewela osauka.

Tikatelo sitinati kampani ilibe mlandu. Ili nawo, ndipo ndi waukulu.

Pa ciyambi masewelawa anali ndi kacizindikilo ka mapazi, kamodzi, kawili kapena katatu, koonetsa ngati kanyama kali pafupi kapena kutali. Pasanathe milungu iwili kanaonongeka. M'malo mokakonza, kampani inakacotselatu kumapeto kwa July 2016, nthawi yomweyo imene inatseka Pokévision. Mlenje analandidwa galu ndi mkondo tsiku limodzi, n'kuuzidwa kuti apitilize kusaka. N'zosadabwitsa kuti ambili anakwiya.

Mlandu waukulu koposa ndi wa kumidzi. Malo amene wosewela atengelapo zida zogwilila tunyama, ochedwa PokéStop, sanagawidwe mofanana. Ambili anacokela ku masewela ena akale a kampani yomweyo ochedwa Ingress, mmene osewela eni ake ndiwo anali kupeleka maina a malo. Kumene kunali osewela ambili a mafoni odula kunakhala malo ambili. Pakati pa London munthu aima pamalo amodzi n'kuona malo otele mbali zonse. Mwana wa kumudzi atsegula masewela omwewo n'kuona mapu obiliwila opanda kanthu, ngakhale ndiye ayenda makilomita ambili pa tsiku kuposa mwana aliyense wa ku London. Kuyambila mu 2019 osewela amene afika pamlingo wina aloledwa kupeleka maina a malo atsopano kudzela mu Wayfarer. Koma malamulo ake akana masukulu a pulaimale ndi sekondale, akananso nyumba za anthu ndi mafamu. Cifukwa cake n'comveka, pakuti palibe afuna alendo osadziwika kuzungulila pa sukulu kapena kuponda m'munda mwa mwini. Koma tacotsani sukulu ndi minda pa mudzi wa kwanu, muone cimene catsala. Mwana amene auzidwa kuti masewela ndi aulele kwa onse, n'kupeza kuti kwao kulibe kanthu, ndiye woyamba kukopeka ndi pulogalamu yomutengela ku New York.

Ndalama zokonzela zimenezi zilipo. Mu 2025 Niantic inagulitsa Pokémon Go ndi masewela ake ena ku kampani ya Scopely pa mtengo wa madola 3.5 biliyoni, ndipo Scopely ili m'manja mwa Savvy Games Group ya ku Saudi Arabia. Eni ake atsopanowa ngati afunadi kuthetsa cinyengo, asadalile zilango zokha. Aonjezele tunyama ndi malo otengelapo zida kumene kuli anthu ocepa, kuti mwana wa ku Lundazi kapena ku Petauke akhale ndi cifukwa cosewela moona mtima pamene ali.

Kwa inu makolo, sitinena kuti mulande ana masewelawa. Pa masewela onse a pa foni, awa ndi ena mwa ocepa amene atulutsa mwana m'nyumba n'kumuyendetsa. Koma tengani foniyo muone zimene zaikidwamo. Funsani mwana kuti pulogalamu iliyonse anaitenga kuti. Mukaona kuti pa mapu ali mumzinda umene sanapondemo, dziwani kuti foni yanamizidwa, ndipo sinthani nambala zacinsinsi za ndalama tsiku lomwelo. Ana aang'ono asatsegule akaunti popanda inu kudziwa.

Kwa akulu-akulu a mipingo pali nkhani yanu-yanu. Nyumba zopemphelelamo zili pakati pa malo amene malamulo a Wayfarer avomeleza, ndiye cifukwa cake acinyamata aunjikana pa zipata za machalichi ndi mafoni m'manja. Pa mudzi umene sukulu ndi minda zakanidwa, chalichi cingakhale malo okha oyenelela. Bungwe la palishi lingasankhe lokha. Lingalole kuti wosewela wa m'mudzimo apeleke dzina la chalichi, n'kuuza acinyamata kuti asasewele pa nthawi ya mapemphelo kapena ya malilo. Kapena, ngati liona kuti malowo sayenela masewela, lingalembele kampani kupempha kuti acotsedwe pa mapu. Pali fomu ya eni malo yocitila zimenezi, ndipo ena anacitapo kale: mu 2016 oyang'anila malo okumbukila ophedwa ndi bomba ku Hiroshima ndi a Holocaust Memorial Museum ku Washington anadandaula, ndipo kampani inacotsa malo awo m'masewelawa.